Nsomba Zaziwisi za Sajeni

Agalu a ba Elvis ndiwo anapha mbuzi ya Virginia, ndipo pamenepo palibe angatsutse chifukwa tonse tinaona. Linali Loweruka m'mawa, ife tikutsirira matimati kudimba. Agalu awiri akuluakulu, akuda bii, anatulukira pansi pa waya nathamangitsa mbuziyo mpaka kumtsinje. Inali mbuzi ya mkaka, yokhayo imene Virginia anali nayo, ndipo inali pafupi kuswa. Pamene timafika ndi zikuni n'kuti ataing'amba kale pamimba.

Ba Elvis ndi bwana wa mu ofesi ina ku Lusaka. Anagula malo oyandikana ndi a Virginia kuno ku Kanakantapa, nazunguliza waya, ndipo amabwera Loweruka lokha kudzaona nkhuku zawo ndi kuotcha nyama ndi anzawo. Tsikulo anatuluka atavala kabudula, botolo lili m'manja. Anayang'ana mbuzi, kenaka anayang'ana Virginia ngati wolakwa ndi iyeyo.

"Amai, mbuzi zimangiwa," anatero ba Elvis. "Manje ine nichite bwanji? Imbwa ni imbwa."

Virginia anali atagwada, akupukuta dothi kukamwa kwa mbuziyo ndi nsonga ya chitenje. Akanakhala munthu wanzeru, ba Elvis akanalekera pomwepo n'kubwerera ku nyama yawo. Koma anamwa kaye pang'ono, n'kuwonjezera mawu amene mpaka lero ndikawakumbukira ndimamva kutentha m'makutu.

"Yafa kale iyo. Isiyeni chabe pamenepo, imbwa zisilize."

Ankatanthauza kuti agalu awo aimalize kudya. Galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu, amatero akulu, ndipo tsiku limenelo tinaona kuti galu wa bwana amaposa ngakhale mkazi wamasiye. Virginia anasenza mbuzi yake yekha, anakana kuti timuthandize, nakaikwirira kuseri kwa nkhokwe pamodzi ndi ana ake awiri osabadwa. Nyama yake sanalole kuti wina alawe. Atamaliza anaima pa wayapo nthawi yaitali, akuyang'ana agalu aja akunyambita miyendo pamthunzi.

Virginia naye anali ndi galu, dzina lake Sajeni. Dzinalo anamupatsa ndi malemu mwamuna wake, koma usilikali munalibe mwa galuyo. Anali wofiirira, wamakutu ogwa, wokonda anthu mopusa. Ankatsatira Virginia kudimba, kuchigayo, ngakhale kutchalitchi, komwe ankagona pakhomo mpaka mapemphero atatha. Chiyambireni mwana wake Wendy kukwatiwa ku Kafue, pakhomopo wolankhula naye anali Sajeni yekha. Ankadya zomwe mwini wake wadya: makombo a nsima ya mgaiwa, nyemba, nsinjiro za m'masamba a maungu, chigaza cha nkhuku likakhala tsiku labwino.

Nzeru yosandutsa Sajeni chida inabwera ndi Greenwell, mlamu wake wa Virginia, amene amapha nsomba kudamu. Greenwell ndi mmodzi mwa anthu amene chilichonse amachidziwa, bola chisakhale cha pakhomo pawo.

"Alamu, galu uyu thupi ali nalo, mwamuononga ndimwe," anatero. "Galu wodya vophika akhala na mtima wophika. Mufuna ukali? Mutsekereni, asaone anthu, mumupatse vaviwisi vekaveka. Pakapita nthawi aja awiri azawatafuna monga chimanga."

Zimenezi si Greenwell yekha amazikhulupirira. Kuno tonse tinakula tikumva kuti chakudya chodutsa pamoto chimafoola galu, ndipo ine ndemwe ndinavomereza ndi mutu. Ndinkafuna kuona agalu a ba Elvis akulira, ndipo ndinkafuna ba Elvis aone ndi maso awo, botolo lili m'manja.

Virginia anamanga kakhola ka malata akale kuseri kwa nyumba natsekeramo Sajeni. Anafunanso kumusintha dzina kuti akhale Muzaona, azimuitana mokweza pafupi ndi waya, koma galuyo ankangomuyang'ana modabwa, ndiye anazisiya. Greenwell ankabwera madzulo ndi ndowa ya tinsomba tosagulika, mitu ndi matumbo, zina zikuphiriphitha. Masiku oyamba Sajeni ankanunkhiza n'kubwerera m'mbuyo, akulira kuti atuluke. Njala itamukola anayamba kumeza.

"Idya," Virginia ankatero ali pakhomo pa khola. "Idya, ukaniphere vigalu vija. Uyambe na chija chili na khutu long'ambika."

Makombo anayamba kupita kwa nkhuku. Sajeni akamva fungo la nyemba ankakanda malata mpaka zikhadabo kutuluka magazi, koma Virginia ankalimba mtima. Ndinamufunsa tsiku lina ngati sizikumupweteka. Anati zikumupweteka kwambiri, ndipo kupweteka konseko akukuwerengera pamutu pa ba Elvis.

Chimanga chinauma m'minda, tinakolola, kunayamba kuzizira. Ndi nthawi imeneyo pamene Sajeni anayamba kusiya nsomba m'mbale. Akadya pang'ono ankasanza. Nthiti zinayamba kuoneka, ndipo miyendo yakumbuyo inkapepesuka akamadzuka. Maso ake anasintha: kadontho kakuda ka pakati kanakula mpaka kudzaza diso lonse, ndipo ankangoti tong'o osaphethira. Greenwell atasuzumira m'kholamo anaomba m'manja.

"Mwaona maso ayo, alamu? Ukali wayamba kukwera. Kuonda musade nako nkhawa, ni mafuta a ulesi achoka."

Ukali wake unali wotani, poti galuyo mutu unayamba kupendekera mbali imodzi? Virginia atamutulutsa kuti amuone bwino padzuwa, Sajeni anayesa kumuthamangira monga kale, koma m'malo mopita kwa mwini wake anangozungulira pamalo amodzi, nagwa chammbali. Anadzuka, nazunguliranso. Mchira wokha ndi umene unkagwedezeka bwinobwino.

Virginia sanafunse wina aliyense kuti chachitika n'chiyani, chifukwa yankho anali nalo kale mumtima. Loweruka litafika anapita pageti ya ba Elvis naigogoda ndi mwala. Kunali alendo, utsi wa nyama uli tolotolo.

"Mwanipatsira galu wanga poizoni," anatero mosakweza mawu. "Munamva kuti nimukonzera vigalu vanu, mwachita mantha."

Ba Elvis anaseka, akutembenukira kwa anzawo. "Ine nilibe na nthawi yoziba kuti muli na imbwa, amai."

Mkazi wawo, mayi Clarissa, ndiye anatuluka pageti. Sindingawanamizire, mayiwo analankhula ngati munthu. Anati ali ndi dokotala wa ziweto ku Chongwe amene amaona agalu awo, ndipo galimoto ilipo, atha kumutengerako Sajeni masana omwewo.

Virginia anawayang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu. "Muphe, muchize ndimwe? Galu wanga sangakwere motoka yanu olo atafa."

Ine ndinali kumbuyo kwake ndipo mawu amenewo anandikoma ngati uchi. Tinabwerera mitu ili m'mwamba. Kunyumba Virginia anamwetsa Sajeni mkaka wosakaniza ndi makala osinja, monga timachitira chiweto chikadya poizoni. Pofuna kuti apeze mphamvu, anamusankhira nsomba zabwinozabwino m'ndowa, nazidula tizidutswa, n'kumamukankhira kukhosi ndi chala.

Sabata imeneyo inali yoipa. Sajeni anasiya kuima. Khosi linkapindikira kumbuyo, miyendo n'kuuma gwa, kenaka thupi lonse linkanjenjemera, thovu lili kukamwa. Zikamusiya ankagona phee, akupuma mofulumira. Anthu atamva za thovulo anayamba kunong'onezana za chiwewe. Amayi analetsa ana kudutsa njira ya kwa Virginia, ndipo amuna ena anabwera ndi mipini kuti athane naye asanalume munthu. Greenwell, mwini nzeru uja, anali pakati pawo.

Virginia anaima pakhomo ndi khasu. "Katemera anabayiwa, bonse munaliko pa sukulu paja. Wofuna kumugwira ayambe na ine."

Amunawo anabwerera, koma ananena kuti mawa abweranso. Apa mpamene Virginia anazindikira kuti akachedwa galuyo amutaya, kaya ndi matenda kaya ndi mipini. Kutacha anamukulunga m'bulangete, tinamuika pa wilibala, n'kukankha mpaka kumsewu. Minibasi yoyamba kondakitala atangoona mutu wa galu anatseka chitseko. Yachiwiri siinaime n'komwe. Dzuwa litakwera, mwini lole ina ya kabichi anatimvera chisoni natikweza kumbuyo, Sajeni ali pamiyendo ya Virginia, mutu wake ukugunda pachifuwa pake lole ikalowa m'dzenje.

Dokotala wa ziweto amene tinamupeza ku Chongwe anali mayi wamfupi, wa magalasi, wosakonda nkhani zambiri. Virginia sanadikire kufunsidwa. Anayamba ndi mbuzi, nafika pa waya, pa botolo, pa poizoni, ndipo anapempha kuti dokotala anene dzina la poizoniyo kuti akamuuze mwini wake pamaso. Dokotala ankangomva uku akuunika maso a Sajeni ndi tochi, akumupinda miyendo, akumugwira pamimba. Anafunsa za katemera, anafunsa kuti zinayamba liti.

"Poizoni sikoka nthawi yaitali so," anatero. "Adya chani galu uyu?"

"Nsomba."

"Na chani?"

"Nsomba chabe. Zaziwisi."

"Kuyambira liti?"

"Tikalibe kukolola."

Dokotala anavula magalasi napukuta kumaso. Sanakalipe, ndipo mwina kukalipa kukanakhala bwino. Anafotokoza pang'onopang'ono kuti ubongo wa galu umadalira vitamini ina yotchedwa B1, ndipo thupi silisunga yambiri, imafunika kulowa ndi chakudya nthawi zonse. Anati nsomba zina zikakhala zaziwisi, makamaka matumbo ake, zimakhala ndi kanthu kamene kamaononga vitamini imeneyo. Moto umapha kanthuko, n'chifukwa chake nsomba yophika ilibe vuto. Koma galu akamadya zaziwisi zokhazokha kwa nthawi yaitali, vitamini imatha m'thupi, ubongo umayamba kufa ndi njala, ndipo mbali zimene zimayamba kuonongeka ndi zimene zimagwira mutu kuti uime chilili, maso kuti aone, ndi miyendo kuti imvere.

"Nanga vija anali kudya kale, nyemba na mugaiwa?" Virginia anafunsa.

"Vija ndiye vinali kumusunga."

Virginia anangofunsa ngati galuyo achira. Dokotala anati amubaya jekeseni ya vitaminiyo pompo, ndipo agalu ambiri amasintha msanga akaipeza. Kenaka ananena chimene sitinkafuna kumva.

"Mukanabwera pamene anayamba kuzungulira, sembe nakuuzani kuti azachira vonse. Manje apa kukomoka kwachuluka. Moyo tingaupulumutse, koma vina mu mutu sivibwerera."

Pamene anayamba kuzungulira ndi masiku a Loweruka lija la pageti, galimoto ya mayi Clarissa ili poyera, makiyi ali m'manja mwawo. Ine ndi Virginia sitinayang'anane.

Sajeni anatsala komweko masiku angapo. Titapita kukamutenga tinamupeza ataima, akudya phala losakaniza ndi chiwindi chophika. Kunjenjemera kunali kutatha. Atamva mawu a Virginia analira ngati kamwana, mchira uli pikupiku, koma mutu unali wopendekekabe ndipo maso ankayang'ana pambali pa munthu. Virginia anamvetsera malangizo onse a kadyetsedwe, navomera. Tikutuluka anabwerera pakhomo ngati waiwala kanthu.

"Adokotala, matenda aya agwira galu aliyense? Olo vikuluvikulu va mabwana?"

"Aliyense," dokotala anayankha, akulemba zake. "Ubongo ni umodzimodzi."

M'lole yobwerera funso la Virginia lija silinachoke m'mutu mwanga. Ine ndimamudziwa kuyambira tili atsikana, ndipo chimene ankaganiza ndinachidziwa bwino. Mkwiyo sunathe, unangosowa pokhala. Kudziimba mlandu yekha sakanatha, ukanamupha. Virginia anamuthira mawu Greenwell tsiku lomwelo mpaka bamboyo anathawa kusiya njinga, koma Greenwell ndi chitsiru chabe, ndipo chitsiru sichikhutitsa mtima wofuna kubwezera. Wotsala anali yemwe uja, ba Elvis. Pakanapanda agalu awo, pakanapanda mawu aja a "zisilize", Sajeni bwenzi akugona pakhomo la tchalitchi mutu uli bwinobwino.

Tonse tinkadziwa kuti pakati pa sabata agalu a ba Elvis amagona ndi njala. Wolondera pulaziyo ankakonda kachasu kuposa ntchito, ndipo chakudya cha agalu chinkathera kwa nkhumba zake. Agalu anjala otero sakanakana ndowa ya nsomba tsiku ndi tsiku. Panalibe poizoni yoti wina akamupeze nayo, panalibe mlandu. Ndani anamangidwapo chifukwa chodyetsa agalu a mnzake?

Lolemba masana ndinamuona akuchokera kudamu ndi ndowa pamutu. Sindinamuletse. Ndinasiya khasu n'kumutsatira chapatali, ndipo ndinene zoona, mbali ina ya mtima wanga inkafuna kuona mitu ikuluikulu ija itapendekeka, ba Elvis akuitana agalu awo, agaluwo akungozungulira pamaso pa alendo.

Virginia anatula ndowa pa waya, pomwe paja agaluwo anatulukira tsiku la mbuzi, pamene tsopano anatsekapo ndi njerwa. Agalu aja anabwera akuthamanga, akuuwa, koma atamva fungo anasiya kuuwa nayamba kulira mokondwa, malovu ali chuchuchu. Virginia anapisa dzanja m'ndowa natapa matumbo odzaza chikhatho.

"Bwerani, ana a bwana," anatero. "Muzadya mpaka muzaiwala njira ya kwanu."

Asanaponye, kumbuyo kwathu kunamveka phokoso m'mapesi. Anali Sajeni. Chibwerereni ku Chongwe anali asanapitirire pabwalo, koma tsikulo anamva kuti mwini wake wachoka ndipo anamulondola ndi mphuno, monga ankachitira popita kuchigayo. Ankayenda mokhotakhota, kugwa, kudzuka, mutu uli chammbali, udzu utamatirira kukamwa.

"Sajeni, bwerera," Virginia anatero.

Galuyo atamva mawu anakondwa nawonjezera liwiro. Analunjika kumene ankaganiza kuti kuli mwini wake, koma miyendo inamukokera kumanzere. Anamudutsa Virginia pafupi kwambiri, osamuona, nakagunda waya ndi mphuno, n'kukhala pansi pamaso penipeni pa agalu aja.

Ndinagwira pakamwa, ndikudikira kuti amukhadzule kudzera m'mipata ya waya. Chija cha khutu long'ambika chinatsitsa mutu, chinamununkhiza Sajeni kamodzi, n'kutembenukira kundowa. Chinzake sichinamuyang'ane n'komwe. Galu amene anatsekeredwa mumdima nyengo yonse ya kukolola kuti adzawaphe, iwo sanamuone ngati chinthu choyenera kuuwa. Sajeni anawagwedezera mchira, kenaka anayamba kutembenuza mutu uku ndi uku, akulira pang'onopang'ono, kufunafuna kumene mawu aja anachokera.

Virginia anaima ndi matumbo aja m'manja, madzi ake akutsikira m'chigongono. Anayang'ana agalu a ba Elvis, mitu yawo yowongoka, maso awo oona bwino, nayang'ananso wake. Nkhope yake sinafewe ngakhale pang'ono. Anabweza matumbowo m'ndowa, napukuta dzanja paudzu, namasula chitenje cha m'chiuno.

"Nithandize kumubereka," anandiuza.

Ndinamunyamula Sajeni n'kumuika kumsana kwake, ndipo Virginia anamanga chitenje pachifuwa monga ankamangira Wendy ali khanda. Galuyo anatsamira mutu wake wopendekeka uja paphewa la mwini wake, nasiya kulira.

"Nanga ndowa?" ndinafunsa.

"Tenga, ukaphike. Uphike maningi, zipse bwinobwino." Anayamba kuyenda, kenaka anaima osatembenuka. "Usaganize ati nabakhululukira. Ba Elvis nizafa nikalibe kubapatsa moni. Koma ichi nachiona pa wanga, siningachiyang'ane kawiri."

Agalu aja anatsala akulira pa waya, akukanda njerwa. Ine ndinasenza ndowa, Virginia ali patsogolo, atawerama pang'ono chifukwa cha kulemera, akulankhula ndi galu wake motsitsa kuti asaope, akumuuza pamene pali dzenje ndi pamene njira yakhota, ngati kuti woyendayo ndi iyeyo.